Momwe mungalembere nkhani za kwanu n'kuzimaliza, ngakhale chaka chitaipa

M'nyumba zambiri ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, m'chigawo cha Tete kuno ku Mozambique, muli kope lina lake lomwe mwini wake adaligula ndi mtima wonse kuti azilembamo ndakatulo, nyimbo kapena mbiri ya mudzi. Masamba atatu oyamba ndi olembedwa mwaukhondo, tsiku lili pamwamba. Patsamba lachinayi pali mayina a anthu amene adakongola feteleza. Otsalawo adathera kukulungira fodya wa agogo. Ineyo makope otere ndili nawo awiri, ndiye musaganize kuti ndikunyoza anthu ena.

Mukamufunsa mwini kope, amati adzayambiranso zinthu zikakhazikika. Nanga kuno zinthu zidakhazikikapo liti? Mu Januwale 2022 namondwe Ana adadzaza mtsinje wa Revúbuè mpaka mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize udaduka. Mvula ya 2023 kulowa 2024 idavuta chifukwa cha El Niño, chimanga n'kupserera m'minda. Chitangotha chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 kudabuka zionetsero, ndipo masiku ena intaneti ya pafoni inkazimitsidwa. Wodikira chaka chabwino kuti ayambe luso lake imvi zidzamupeza ali chidikirire.

Ntchito yomwe ndikupatseni pano ndi imodzi, ndipo ili ndi malire: m'masabata 8 mutulutse kabuku kolemba pamanja, kokhala ndi nkhani zisanu zochokera kwa munthu wamkulu mmodzi wa kwanu, ndi imodzi yopeka nokha. Siifuna netiweki, ndalama zake n'zochepa, ndipo pomaliza mudzakhala mutaphunzira kumvetsera, kufunsa ndi kulemba, zinthu zomwe madzi osefukira sangakokolole.

Zofunika kukhala nazo

- Kope limodzi la sukulu, lija ana amati caderno. Limodzi basi. Lachikuto cholimba ndiye labwino.
- Mapensulo awiri ndi lumo losongolera. Bolopeni imatha inki usiku, sitolo zitatseka. Pensulo imaonekeratu kuti ikutha.
- Foni yojambula mawu. Siyenera kukhala yodula, ngakhale mafoni ambiri a mabatani amajambula. Ngati mulibe, bwerekani kwa ola limodzi, kapena lembani pamanja munthu akulankhula.
- Memori khadi. Mphindi imodzi ya mawu imadya pafupifupi 1 MB, ola lathunthu cha m'ma 60 MB, choncho khadi ya 2 GB ikukwanirani ndi kutsala.
- Jumbo ya pulasitiki yosabooka, kapena kandowa kotseka. Adani a kope ndi atatu: denga lodontha, chiswe ndi makoswe.
- Kamphatso ka m'manja: sopo, mchere kapena shuga pang'ono.
- Munthu mmodzi amene adzakumvetsereni mukamawerenga, wosakunyengererani.

Kompyuta, megas (bandulo ya intaneti) ndi satifiketi ya sukulu sizili pamndandandawu, ndipo sindinaiwale.

1. Sankhani munthu mmodzi ndi mutu umodzi

Apa ndi pomwe ambiri amagwera asanayambe n'komwe. Wina amati alemba "mbiri ya Angoni onse kuchokera pomwe adawoloka Zambezi", wina "chikhalidwe cha Achewa". Ntchito zimenezo zimatha zaka, ndipo mukatopa sabata yachitatu mumadziona ngati wolephera. Paja ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Tengani munthu amene mungamufikire wapansi: agogo, amalume, azakhali, mayi woumba mbiya kuseri kwa tchalitchi, bambo amene adagwira ntchito m'mafamu a ku Halale. Kenako dulani mutuwo mpaka ukwane m'chiganizo chimodzi, ndipo muchilembe patsamba loyamba. Mwachitsanzo: "Zaka zomwe azakhali adakhala ku Dedza pothawa nkhondo." Kapena: "Nthano zisanu zomwe agogo ankatiuza." Kapena: "Nyimbo za pamtondo zomwe amayi amazidziwa." Ngati chiganizo chanu chili ndi mawu akuti "onse" kapena "zonse", chidakali chachikulu.

Chenjezo: musayambe ndi mfumu kapena nyakwawa pokhapokha ngati ndi wachibale wanu. Iwo amalankhula mosamala, chifukwa mawu awo akhoza kudzatchulidwa pabwalo la milandu ya minda. Yambani ndi munthu womasuka kuseka nanu.

2. Mangirirani ntchitoyi ku chinthu chomwe mumachita kale

Musanene kuti "ndizilemba ndikapeza mpata". Mpata supezeka. Sankhani chinthu chomwe chimachitika tsiku lililonse popanda kukakamiza, monga kudikira madzi a tiyi kuti awire, kupuma mutachoka kudimba, kapena kukhala pabenchi podikira makasitomala, ndipo ikani mphindi 15 pamenepo. Zocheza ndi wamkulu uja zikhale kamodzi pasabata, tsiku lomwelomwelo.

Yang'ananinso kalendala ya kumunda. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale anthu amakhala pa kubzala, kupalira ndi kubandira, ndipo madzulo thupi limangofuna mphasa. Nthawi yabwino yochezera akuluakulu ndi pambuyo pokolola, Juni mpaka Ogasiti, pomwe chisanu cha kumapiri kuno chimasonkhanitsa anthu pamoto. Koma ngati mukuwerenga izi mu Januwale, musadikire Juni. Chepetsani chabe: kucheza kwa theka la ola Lamulungu masana kukukwanira.

3. Pemphani chilolezo, ndipo dziwani malire

Pitani tsiku loyamba opanda kutulutsa foni. Perekani moni, funsani za m'thupi ndi za kumunda, kenako nenani chomwe mwadzera m'mawu osazungulira: "Agogo, ndimafuna nkhani zanu zija ndizilembe m'kope, kuti adzukulu anu adzazipeze. Ndizijambula mawu anu pafoni kuti ndisasokoneze. Mukundilola?"

Yembekezerani funso lakuti, "Ndiye uzipita nazo kuti?" Funso limeneli si lamwano. Anthu kuno adaona alendo ambiri obwera ndi mapepala, kulemba mayina, osabweranso. Ena adakhala m'nthawi yomwe mawu olankhula pamowa ankatha kumangitsa munthu. Yankhani zoona zokhazokha. Ngati mukufuna kudzatumiza kwa achimwene ali ku Johannesburg, nenani. Ngati mukuganiza zodzaika pa Facebook, nenaninso, ndipo fotokozani kuti kumeneko aliyense amaona. Musalonjeze ndalama, buku losindikiza kapena thandizo la bungwe.

Pali zinthu zomwe simuyenera kujambula ngakhale wamkuluyo atatengeka n'kuyamba kuzinena. Gule Wamkulu adadziwika padziko lonse pomwe bungwe la UNESCO lidamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo chaka chilichonse mu Ogasiti Achewa a mayiko atatuwa amakumana pamwambo wa Kulamba, ku Mkaika ku Zambia, kwa Kalonga Gawa Undi. Koma kutchuka kwa gule pabwalo sikudatsegule dambwe. Za kudambwe ndi za kudambwe, za kutsimba ndi za anamkungwi. Nkhani ikalowera kumeneko, zimitsani foni wamkuluyo akuona.

Nkhani za nkhondo ija idatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992 zimafunanso nzeru. M'midzi yambiri amene adalakwirana akukhalabe moyandikana, ana awo adakwatirana. Agogo akatchula dzina la munthu kuti ndiye adachita chakuti, m'kope lembani "bambo wina wa m'mudzi wapafupi". Kabuku kanu kasadzutse mlandu womwe eni ake adaukwirira.

Chenjezo: kamphatso kaja perekani pofika kapena potsanzika ngati mwa masiku onse, osati ngati malipiro a nkhani iliyonse. Mukayamba kugula nkhani, nkhanizo zimayamba kukula ndi mtengo wake.

4. Konzani foni ndi malo

Tchajani foni dzulo lake. Musanayambe, dinani chizindikiro cha ndege chija kuti wina asakuimbireni pakati pa nkhani, komanso batire lichedwe kutha. Khalani kumbali kopanda mphepo, kutali ndi chigayo, wayilesi ndi khola la nkhuku. Foni ikhale pampando kapena pansalu, pafupi ngati kutalika kwa mkono kuchokera pakamwa pa wolankhula. Mukaigwira m'manja imajambula kukhulana kwa zala zanu.

Jambulani masekondi 20, imitsani, mvetserani. Kenako yambani ndi kutchula tsiku, malo ndi yemwe mukucheza naye. Musapitirire mphindi 30 kapena 40 pa ulendo umodzi. Wamkulu amatopa, ndipo inunso mudzavutika polemba.

5. Funsani za zinthu zogwirika

Mukati, "Agogo, tandiuzeni mbiri yanu," adzakuyankhani kuti, "Aa, ife tidavutika, mwana wanga," basi nkhani yathera pomwepo. Munthu sakumbukira "mbiri". Amakumbukira mphika, njira, fungo, nyimbo, nkhope. Tayesani mafunso otere:

"Tsiku lomwe munkawoloka malire, pamutu mudasenza chiyani?"

"Usiku woyamba ku Ntcheu mudagona pati, ndipo adakupatsani chakudya ndani?"

"Mutabwerako, pamalo pomwe padali nyumba yanu mudapezapo chiyani?"

"Chaka cha njala chija, ndiwo zake zinali chiyani?"

"Dothi la mbiya munkakumba kuti, ndipo adakuphunzitsani kulizindikira ndani?"

Funso limodzi lotere likhoza kutsegula nkhani ya theka la ola. Azakhali anga nditawafunsa za katundu wa pamutu, adatchula mphika, bulangete ndi nkhuku imodzi, kenako adakhala nthawi yaitali akufotokoza za nkhukuyo: momwe adaimangira mlomo kuti isalire m'tchire, momwe idaikira mazira kuchilendo, ndi anthu angati adalandirako anapiye ake pobwerera. Za asilikali adangozidutsa m'mawu awiri. Ndikadawafunsa za nkhondo mwachindunji, nkhukuyo sindikadaimva.

Akakhala chete, musathamangire kufunsa china. Werengani mumtima mpaka khumi. Kawirikawiri mawu olemera amatuluka pambuyo pa kachetechete kameneko. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akayamba kulira, imitsani foni, khalani nawo, ndipo afunseni ngati akufuna kupitiriza tsiku lina.

Ngati mutu wanu ndi nthano, musazijambule muli awiriwiri. Itanani ana akhale pomwepo kuti agogo akati "Padangokhala," pakhale oyankha "Tili tonse," ndipo nyimbo ya pakati ikhale ndi ovomera. Nthano yopanda ovomera imatuluka yofupika ndi yozizira. Chimodzimodzi zilape: "Chilape!" amafuna "Nachize!"

Chenjezo: musawakonze. Akanena chaka chomwe inu mukudziwa kuti sicholondola, lembani kachizindikiro m'mphepete, mudzafunse wina pambuyo pake. Mukawatsutsa pamaso, pakamwa pamatsekeka.

6. Lembani sabata yomweyo, ndipo sankhani kalembedwe kamodzi

Iyi ndiyo ntchito yotopetsa, ndipo mphindi 15 zanu za tsiku ndi tsiku zipita apa. Mvetserani chiganizo chimodzi, imitsani, lembani, pitirizani. Ine mphindi khumi za mawu zimanditengera ola lathunthu. Simukuyenera kulemba zonse. Mvetserani kaye kamodzi mpaka kumapeto, sankhani chigawo chomwe chakukhudzani, lembani chimenecho. Muzilemba patsamba la kumanja lokha, la kumanzere lizikhala la mafunso ndi zokonza.

Tsono nkhani ya kalembedwe. Ambirife tidaphunzira kulemba m'Chipwitikizi, chilankhulo chathu tidangochiyamwa, ndiye dzanja limalemba nhumba m'malo mwa nyumba, muana m'malo mwa mwana, cudia m'malo mwa kudya. Mayina a malo athu omwe adalembedwa mwanjira imeneyo: timanena Ulongwe ndi Zobwe, pamapu pali Ulónguè ndi Zóbuè. Palibe chochititsa manyazi, koma mdzukulu wa ku Lilongwe kapena ku Chipata adzavutika kuwerenga. Kumbukirani zinthu zinayi izi: ny osati nh, w osati u pamaso pa a, e ndi i, k osati c kapena qu, ndipo chilembo h musachitaye.

Chomaliziracho ndiye chimapweteka ambiri, chifukwa m'Chipwitikizi h samveka. Kwathu kuno amasintha tanthauzo. Panga ndi phanga ndi zinthu ziwiri, kola ndi khola, pala ndi phala. Ikani dzanja patsogolo pa pakamwa n'kutchula mawuwo: mukamva kampweya kakukhudza dzanja, lembani h.

Pa chilembo c pali njira ziwiri zovomerezeka. Mabuku a sukulu a ku Mozambique amalemba Cinyanja ndi cimanga, ndipo kuphunzitsa ana m'Chinyanja limodzi ndi Chipwitikizi kudayesedwa koyamba kuno ku Tete komwe, pakati pa 1993 ndi 1997. Ku Malawi amalemba Chichewa, chimanga ndi ntchito. Zonse n'zabwino. Onani amene adzawerenge kabuku kanu, sankhani njira imodzi, ndipo musasinthe pakati.

Chenjezo: kukonza zilembo si kukonza mawu a agogo. Akati chibalo, lembani chibalo. Akasakaniza mawu a Chingoni, a Chinyungwe kapena a Chipwitikizi, asiyeni momwemo, tanthauzo lake mulembe patsamba la kumanzere. Akabwereza mawu katatu, "tidayenda, tidayenda, tidayenda," musadule awiri. Kutalika kwa ulendowo kuli m'kubwerezako.

7. Tsopano pekani yanu

Pofika sabata yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi, mudzakhala ndi nkhani zingapo m'kope, ndipo khutu lanu lidzakhala litasintha. Mudzayamba kumva momwe anthu amalankhulira mu chapa (minibasi) kapena pamsika, pomwe amadula mawu, pomwe amazemba. Imeneyo ndiyo nthawi yolemba yanu, ndipo simukuyambanso ndi tsamba loyera lomwe lidakugonjetsani kale lija.

Tengani chinthu chimodzi kuchokera m'nkhani za wamkulu uja, chogwirika ndi manja: nkhuku, bulangete, khasu lakutha, njinga. Lembani tsamba limodzi lokha. Ikhoza kukhala ndakatulo, nyimbo ya kwaya, kasewero koti achinyamata akachite kutchalitchi, kapena kalata yopita kwa mwana amene sanabadwe. Mukasowa poyambira, sinthani wolankhula: nkhani yomweyo ainene mwana amene adali kumbuyo, kapena mayi wa ku Dedza amene adatsegula chitseko usiku umenewo.

Lembani mpaka kumapeto osafufuta. Lisiyeni masiku awiri. Kenako liwerengeni mokweza muli nokha kumunda, ndipo paliponse pomwe lilime lapunthwa, konzani. Chotsani mawu aliwonse omwe simungawanene kwa amayi anu pakhonde. Olemba atsopano amakonda mawu akuluakulu a paguwa, "mavuto osaneneka", "chisoni chachikulu", pomwe agogo adangoti, "Mchere tinkachita kunyambita."

Pali kachizolowezi kena komwe ndimakakonda, ngakhale sikali m'gulu la kabukuka. Kumapeto kwa kope, sungani masamba angapo oti tsiku lililonse muzilembamo mizere itatu ya zomwe mwaona: mtengo wa lata ya chimanga, momwe metical akusinthira ndi kwacha pamalire a ku Calómuè, yemwe wabwera kuchokera ku migodi ya ku Moatize ndi zomwe wanena. Lero zimaoneka zopanda pake. Koma zomwe mukuzifunafuna kwa agogo ndi zotere zomwezi, kungoti panalibe wozilemba.

8. Kawerengereni mwini nkhani, kenako mnzanu

Bwererani kwa wamkulu uja ndi kope, muwawerengere zomwe mwalemba. Adzakukonzani mayina a mitsinje, adzawonjezera zomwe adaiwala, ndipo mwina adzati, "Icho chichotse." Chichotseni, osakambirana.

Tsamba lanu lopeka muwerengere mnzanu uja. Musamufunse ngati lili bwino, chifukwa adzangoti lili bwino. Mufunseni kuti, "Ndi pati pomwe unasiya kumvetsera?" ndiponso, "Watsala ndi chithunzi chanji m'mutu?"

9. Sungani pawiri, kenako gawani

Kopererani nkhani zisanu zija ndi yanu m'masamba oyera a kope lomwelo, kapena m'mapepala osokerera ndi ulusi. Jambulani tsamba lililonse ndi foni. Mawu aja asamutsireni ku memori khadi, khadiyo muichotse, muikulunge m'pepala n'kuisunga mujumbo limodzi ndi zitupa zanu.

Izi ndikunena ndi chilonda. Foni yanga ina itafa galasi ndidaipereka kwa wokonza, ndipo pobweza idali itafufutidwa zonse. Mudali maola atatu a mawu a amalume, amene pano adatisiya. Zomwe ndidatsala nazo ndi masamba asanu ndi awiri omwe ndidali nditalemba kale.

Mukapeza megas, tumizani zithunzi za masamba ndi mawu kwa wachibale mmodzi wokhala kutali, ku Tete, ku Beira kapena ku Blantyre, pa WhatsApp. Mukafika ku Ulónguè kapena ku Furancungo, chititsani fotokope ziwiri: ina ya mwini nkhani, ina ya mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo amene angawerengere ana. Ngati mwini nkhani walola, nthano ndi nyimbo mukhoza kupita nazo ku wayilesi ya m'dera lanu. Nayonso Rádio Moçambique ku Tete imaulutsa m'Chinyanja.

Zinthu zikafika povutitsitsa

M'masabata 8 amenewa china chake chidzachitika ndithu: maliro, mwana kudwala malungo, ufa kutha, ganyu wopezeka mwadzidzidzi. Pitani ku ganyuko, pitani kumaliroko, ndipo musadziimbe mlandu. Chomwe mungachite ndi kuchepetsa ntchito mpaka ikhale mzere umodzi patsiku, ngakhale wongoti "Lero tinali kuchipatala."

Mukalekeza milungu itatu, musagule kope latsopano kuti "ndiyambirenso bwinobwino". Tsegulani lomwelo, lembani tsiku, lembani chomwe chidakuimitsani, pitirizani pomwe mudasiyira. Masabata 8 akasanduka 14, kabuku ndi komweko.

Kulemba kumapepuza mtima, koma kope si chipatala. Ngati tulo takusowani kwa masabata, chakudya sichikulowa, kapena mukuganiza zodzipweteka, lankhulani ndi munthu lero lomwe: wachibale amene mumamudalira, abusa, kapena namwino wa kuchipatala chapafupi.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwa kawirikawiri

Kudikira zipangizo. "Ndikadzagula foni yabwino." Agogo a zaka 80 sadikira foni yanu. Jambulani ndi yomwe ilipo.

Kujambula maola ambiri osalemba kanthu. Kujambula kumakoma, kulemba kumawawa, ndiye munthu amadzaza khadi ndi mawu omwe sadzawamvetseranso. Musapite ulendo wachiwiri musanalembe tsamba limodzi la ulendo woyamba.

Kulankhula kwambiri kuposa wofunsidwa. Mvetserani zomwe mwajambula: ngati mawu anu akumveka kuposa a agogo, ulendo wotsatira lumani lilime.

Kuyamba ndi kulemba m'Chipwitikizi kapena m'Chingelezi poganiza kuti ndiye kulemba kwenikweni. Kumasulira mudzachita pambuyo ngati kukufunika. Mukamasulira pomwe mukumvetsera, miyambi ndi nthabwala zonse zimagwera panjira.

Kuthamangira pa Facebook ndi tsamba loyamba. Anthu asanu okha akadina "like" mumakhumudwa, anthu zana akadina mumayamba kulembera iwowo. Malizani kaye kabuku.

Kulowetsa ndale za lero m'kamwa mwa wamkulu. Ngati muli ndi maganizo anu pa za chisankho kapena za boma, alembeni patsamba lanu, m'dzina lanu, mutaganiza bwino za komwe tsambalo lidzafike. Musawabise m'nkhani ya azakhali.

Kubwereketsa kope lenilenilo. Wina adzati, "Tandibwereka ndikawerengere kunyumba, ndibweza mawa." Mpatseni fotokope, kapena akhale pakhonde panu awerenge pomwepo, inu mukusenda mbatata.